Laminin kapena fibronectin: maselo a mitsempha amakonda kuponda pati?

Mwana akamaumbika m'mimba, maselo a mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi sayenda m'malere. Amaponda pa mapuloteni oyalidwa kunja kwa maselo, makamaka laminin ndi fibronectin.

Laminin anapezeka mu 1979, Rupert Timpl ndi anzake atamutulutsa m'chotupa cha mbewa. Ali ndi zingwe zitatu zolukana ngati mtanda. Ndiye maziko a kachikopa kopyapyala kokuta ubongo, pomwe maselo a radial glia, aja ataliatali otsogolera maselo a mitsempha paulendo wawo, amagwirira nsonga zawo. Kachikopako kakang'ambika, maselo oyenda amapyola malire, ubongo n'kumera timabampu pamwamba. Matendawa amatchedwa cobblestone lissencephaly, ndipo si ocheza.

Fibronectin amaonekera kwambiri paulendo wa maselo a neural crest, aja ochoka kumsana kwa mluza kukapanga mitsempha ya m'thupi monse. Maselowo amamugwira pa kachigawo ka RGD, ka ma amino acid (tizidutswa topanga mapuloteni) atatu okha.

Nanga mu labotale muyale uti m'mbale? Ngati mukulera maselo a ubongo, ine ndingasankhe laminin mosakayika, poti timichira tawo totumizira mauthenga timatalika bwino pa iye. Maselo a mitsempha ya kunja kwa ubongo ndi mtsempha waukulu wa kumsana alibe matama: amakula pa onse awiri.