Bambo a nazale ya maluwa ku Chipata: juniper wanga watsitsimuka, koma foni sayankha

Nyenyezi 4 mwa 5. Ngati kamtengo kanu ka juniper ka bonsai (kamtengo kosungidwa kakang'ono mumphika) kayamba chikasu, bambo aja ogulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa Great East Road amaidziwa ntchito.

Kanga ndinakagula ku Lusaka, wogulitsa n'kundiuza kuti ndi kokongoletsera pabalaza. Pofika Okutobala timasamba tinali titafiirira, tina tikuthothoka ukangokhudza, ndiye ndinapita nako kwa bambowa.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti bambowa sanathamangire kundigulitsa mankhwala. Anayamba akanda khungwa ndi chikhadabo, m'kati munali mobiriwira, ndiye anati kakadali moyo. Juniper amapusitsa, amatha kufa kumizu koma masamba n'kukhalabe obiriwira kwa masabata. Kenaka anagwedezera nthambi papepala loyera, timadontho tofiira n'kuyamba kuyenda. Akangaude omwe aja ovutitsa alimi a matimati nyengo yotentha! Kutentha ndi kuuma kwa mpweya ndiye kumawachulukitsa.

Vuto lalikulu linali pansi. Atakazula mumphika tinapeza dothi lakuda lakudambo, lomata, lonunkha ngati chithaphwi, ndipo mizu ina inali itada n'kufewa. Anadula yowolayo, n'kukabzala mumchenga wamiyalamiyala wakumtsinje wosakaniza ndi tizidutswa ta njerwa zootcha ndi makungwa a paini. Ukathira madzi amatulukira kunsi nthawi yomweyo. Iwo anati kusintha dothi kumayenera Ogasiti kusanatenthe, koma apa kudikira kukanakapha.

Anandilangiza kuti juniper ndi mtengo wa panja, ufunika dzuwa maola ngati 6 patsiku, makamaka la m'mawa. Kuthirira ndiyambe ndapisa chala m'dothi, osangoti poti kwacha. Feteleza anakaniratu mpaka kataphukira. Ine ndinali nditasunga kale ka D Compound kotsala kumunda, anangoseka. Akangaude aja anatha ndi kutsuka masamba ndi madzi othamanga komanso kupopera mafuta a neem madzulo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa nkhani ya foni. Anati ndidzatenge pakatha sabata, koma kanakhala komweko pafupifupi mwezi, foni ikungoitana, uthenga wa pa WhatsApp akuwerenga osayankha. Ndinachita kukwera njinga ya kabaza kukaona ngati kalipo. Anakulunganso waya panthambi ina osandifunsa, ngakhale kuti yapindika bwino ndithu. Lisiti sapereka. Ndinalipira K150, ndipo sindikudandaula nayo.

Pano nsonga zatulutsa timasamba tatsopano tobiriwira. Nthambi ya m'munsi yokha inauma, ndipo anandichenjezeratu kuti nthambi ya juniper ikatha masamba onse siphukanso. Mvula ya Januwale ikalimbikira ndimakweza mphika panjerwa ziwiri kuti madzi asakhazikike kunsi. Mukafuna kupita, pitani m'mawa, masana amakhala atapita kukabzala kapinga kwa anthu.