Maphunziro a kanyamukidwe ka liwiro ku Ulónguè: zimene ndaona m'miyezi itatu

Mwana wanga wamkazi wa zaka 16 amathamanga mpikisano wa mamita 100 kusukulu, ndipo vuto lake linali loonekeratu kwa aliyense: anzake ankamusiya m'mamita 20 oyambirira, iye n'kuyamba kuwayandikira mpikisano utatsala pang'ono kutha. N'chifukwa chake ndinamulembetsa kwa mphunzitsi wina wa masewera kuno ku Ulónguè, m'dziko la Mozambique, amene ana amangowatchula kuti a Mister, ndipo ndimalipira mameticais 600 pamwezi kuti aziphunzira katatu pa sabata.

Tsiku loyamba sanamuthamangitse mozungulira bwalo monga ndinkayembekezera. Anaika mabotolo odzaza mchenga pa mamita 10, 20 ndi 30, anakhazika foni pa mpando cham'mbali, ndipo anamujambula katatu akunyamuka. Ataonetsa kanemayo pang'onopang'ono, ine ndemwe ndinaona chimene maso anga analephera kuona kwa zaka ziwiri: pa sitepe yachitatu mwanayo anali ataongoka kale, phazi likutera kutsogolo kwa thupi ndi chidendene, ngati munthu amene akuponda mabuleki pomwe akufuna kuonjezera liwiro. A Mister anafotokoza kuti poyambirira thupi lonse, kuchokera kumutu mpaka ku kakolo, liyenera kupendekera kutsogolo, mwendo n'kumakankha nthaka chakumbuyo mwamphamvu, ndipo kuongoka kuzibwera kokha pang'onopang'ono pamene liwiro likukwera. Anakumbutsa kuti Usain Bolt, pamene anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, anafika pachimake pa liwiro lake pakati pa mamita 60 ndi 80, kutanthauza kuti mbali yaikulu ya mpikisanowo inali ya kuonjezera liwiro. Kuyeza kwa pa kanema kumeneku ndiko chinthu chamtengo wapatali kuposa zonse zimene ndalipirira, chifukwa mwanayo anasiya kuuzidwa kuti "limbikira" n'kuyamba kudziwa chenicheni choti akonze.

Zipangizo n'zosavuta kupeza. Ana amatsamira khoma ndi manja n'kumasinthanitsa mawondo thupi lili chopendekera, amakwera kamtunda kakufupi ndi bwalo, ndipo amakoka tayala lakale lomangidwa chingwe m'chiuno, limene a Mister amathiramo mchenga kapena kuchotsamo malinga ndi mphamvu za mwana. Tayala limakakamiza thupi kupendekera popanda mphunzitsi kulankhula kanthu, ndipo ndinaona mwana wanga akugwira mfundoyi m'masabata awiri okha. Chimene chinandivuta poyamba ndi kupumula. Akathamanga mamita 30 amakhala pafupifupi mphindi zitatu, ndipo ndinadandaula kuti ndikulipirira ana kukhala pansi. Anandiyankha mwaulemu kuti: "Bambo, mwana akathamanga ali wotopa, chimene akuphunzira ndi kuthamanga kwa munthu wotopa." Ndinavomereza nditaona kuti ulendo wachisanu ndi chimodzi unali wamphamvu ngati woyamba.

Ndimayamikiranso kuti atsikana amaphunzira limodzi ndi anyamata osewera mpira popanda kupeputsidwa, m'dziko limene Maria Mutola, amene anatipatsa mendulo ya golide pa mamita 800 ku Sydney mu 2000, anayambira pa mpira pakati pa anyamata.

Komabe zolakwika zilipo, ndipo chachikulu ndi kayezedwe ka nthawi. A Mister amagwiritsa ntchito wotchi ya m'manja, kenaka n'kumauza makolo kuti mwana wachotsa masekondi 0.05. Chala cha munthu sichingathe kusiyanitsa kanthawi kotere, popeza pa mitunda yaifupi nthawi ya wotchi ya m'manja imasiyana ndi ya makina ndi pafupifupi masekondi 0.24. Kuonjezera apo, bwalo lathu ndi la dothi, ndipo kuthamanga pa fumbi la mu Okutobala sikungafanane ndi kuthamanga mvula italimbitsa nthaka. M'kope mwawo mwalembedwa kuti pa mamita 30 mwana wanga wachoka pa masekondi 5.1 kufika pa 4.8, ndikukhulupirira kuti wasinthadi, koma chondikhutiritsa ndi kanema, amene tsopano akumuonetsa ali chopendekera mpaka sitepe yachisanu ndi chitatu. Popeza foniyo ilipo kale, ndikanakonda nthawi iziwerengedwa kuchokera pa kanema m'malo modalira chala.

Gulu nalonso lakula kwambiri. Ana 18 pa mphunzitsi mmodzi ndi ochuluka, moti masiku ena mwana amapatsidwa langizo limodzi lokha.

Chomaliza ndi chakuti palibe zopondera zonyamukirapo, zimene wothamanga amatsamiritsapo mapazi poyamba mpikisano. Ana amakumba timaenje ndi chidendene n'kumanyamukira m'timaenjemo, monga ankanyamukira othamanga a nthawi ya Jesse Owens wa ku America mu 1936, pomwe malamulo a mipikisano yovomerezeka amafuna zoponderazo pa mitunda yonse mpaka mamita 400. Mwana amene sanazipondepo adzasokonezeka tsiku limene adzakumane nazo koyamba, ndipo khama la miyezi lidzatayika pa sitepe yoyamba. Ndalipira kale mwezi wachinayi, ndipo ine ndi makolo ena awiri tapempha kalipentala wa pafupi ndi msika kuti atikhomere zamatabwa, a Mister atamupatsa miyeso.