Fosholo ya mano: podula mizu ndi katswiri, koma yakale ija musataye

Ndinagula fosholoyi mu Okutobala chaka chatha pamene timasamuka ku Leicester kupita ku Northampton, ku England. Mayi a kunyumba anakaniratu kusiya lilac wa kuseri kwa nyumba, mtengo wa maluwa onunkhira, amene mu Meyi fungo lake linkafika mpaka kukhitchini. Mtengo wonse sukanazulika, ndiye tinagwirizana zotenga ana ake.

Amene munawokerapo nthochi kumudzi mundimva msanga. Lilac amaphukira ana m'mbali, koma mwanayo amakhala atalumikizidwa ndi mayi wake ndi muzu wolimba ngati chingwe. Fosholo wamba inkangodumpha pamuzupo, bondo langa n'kumalira. Iyi ndi yosongoka, kunsonga kwake kuli kampata kogwira muzu kuti usaterereke, ndipo m'mbali muli mano ngati a sowo. Ndinaiika pakati pa mayi ndi mwana, kuponda kawiri, muzu uja dukuu! Dothi lake linali la makande, lonyowa, koma ana asanu ndi awiri ndinawazula tiyi wa mayi asanazizire.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti imalowa pansi mowongoka, choncho mwana amatuluka ndi dothi lake komanso timizu ting'onoting'ono tija. Timizuto ndiye moyo wake. Awiri amene anafa ndi amene ndinawazula mothamanga, ali ndi muzu umodzi wopanda tsitsi. Pamenepo fosholo ndisainamizire. Asanu enawo tinawakulunga m'masaka onyowa, n'kuwabzala tsiku lomwelo pamalo owomba dzuwa, osadikha madzi, ndipo mu Epulo onse anatulutsa masamba. Maluwa ayi, ndipo sindikudabwa, poti ana otere amatha zaka zitatu kapena kuposerapo asanachite maluwa.

Zodandaula zilipo. Ndi yolemera, moti mayi anaiyesa kamodzi n'kundibwezera. Potapa dothi ndi yachabechabe, limangokhuthukira m'mbali, ndiye maenje ndinamalizira ndi fosholo yakale. Inabweranso yopanda chophimba kumanoko, ndipo inang'amba kapeti wa m'buti ya galimoto. Pa mtengo umene ndinalipira, wokwana mafosholo wamba awiri kapena atatu, kachikopa kophimbira sikakanawasaukitsa ogulitsawo.

Musanakumbe, funsani kaye ngati lilac wanuyo ndi wolumikiza. Ena amawalumikiza pa tsinde la privet (chitsamba chobzala ngati mpanda) kapena la lilac wamba, ndiye mwana wochokera kumizu sadzafanana ndi maluwa amene mukuwakondawo. Wathu ndi wamba, Syringa vulgaris, wosalumikiza, choncho panalibe nkhawa. Achimwene ku Balaka atawona zithunzi anati ndiwasungire mmodzi. Ndinawauza kuti mtengowu umafuna chisanu chenicheni kuti uchite maluwa, ndipo kutentha kwa ku Balaka ungangofota.

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Ya chisanuyo yapita ndi kapeti.