Ndemanga yanga pa injini ya 350 HO imene ndinaika mu Chevelle ya 1970

Injini iyi ndingaigulenso popanda kukayika. Ndikunena za 350 HO ya Chevrolet Performance, imene ndinaika mu Chevelle Malibu yanga ya 1970 m'malo mwa injini ya 307 imene galimotoyo inatuluka nayo ku fakitale (manambala ngati 350 ndi 307 amanena kukula kwa injini m'makyubiki inchi). Yayenda kunja kukutentha, yayendanso kukuzizira kuno ku South Bend, ku Indiana, ndipo tsopano ndaidziwa mokwanira kuti ndiuzeko anzanga amene injini zawo zakale zafika potopa ndipo akusowa kolowera.

Muyambe mwadziwa galimoto yanga, chifukwa injini yabwino kwa ine ikhoza kukhala yolakwika kwa inu. Yanga si SS (Super Sport, Chevelle ya mtundu wamphamvu). M'chaka cha 1970 Chevrolet inkagulitsanso Chevelle SS 454 ya injini ya LS6, ya 450 hp (hp ndi muyeso wa mphamvu za injini), ndipo imeneyo ndi imene anthu a ndalama amalimbirana mpaka lero. Yanga thupi n'lomwelo, koma m'kati munali 307 ya kabureta yaing'ono, yolembedwa 200 hp. Nambala imeneyonso ndi ya kayezedwe kakale, koyeza injini ili payokha isanalemedwe ndi zipangizo zonse za pagalimoto. Kuyambira 1972 makampani a ku America anasintha kayezedweko ndipo manambala onse anatsika. Ngati inu muli ndi SS yeniyeni, ndipo nambala yodindidwa pa buloko, kutsogolo kwa hedi ya mbali ya pasenjala, ikugwirizana ndi nambala ya galimotoyo, musaichotse injiniyo. Ikonzeni ngakhale idye ndalama zochuluka bwanji, chifukwa mtengo wa galimoto yanu wagona pamenepo. Malibu ya 307 ilibe nkhawa imeneyo, ndipo ine ndinaigula kuti ndiziyenda nayo.

307 yanga inkamwa oyilo, inkafuka utsi wabuluu, ndipo ikatentha mphamvu ya oyilo inkatsika mpaka kumamveka kugogoda pansi. Inali pafupi kunoka. Amakaniko anga, bambo achikulire amene akulira m'magalimoto omwewa, ataiphwasula anapeza masilinda atadyeka, crankshaft itakalika. Ovaholo inali yotheka ndithu, ndipo tinakhala pansi kuwerengetsa: kukulitsa masilinda, mapistoni atsopano, kukonzetsa crankshaft, ndi kulimbitsa pokhalira mavalavu popeza mahedi amenewo anapangidwa nthawi ya petulo wa mtovu. Mapistoni a 307 ndi a mainchesi 3.875, sapezeka mwa mbwee ngati a mainchesi 4 a 350. Ndalama zonse pamodzi zinkayandikira mtengo wa injini yatsopano, chonsecho mphamvu zikanakhala zomwe zija.

Imene inandisowetsa tulo ndi LS3, injini yamakono ya Chevrolet. Aliyense amene ndinkamufunsa ankanditchulira yomweyo, ndipo sankanama. Ndi ya malita 6.2, ya aluminiyamu, inayamba mu Corvette ya 2008, ndipo yogula yatsopano imapereka 430 hp. Ndi yopepuka, imalira msanga ngakhale kuzizire, mafuta simwa ngati za kabureta. Papepala 350 HO singaime nayo. Koma LS3 silowa yokha. Imafuna zogwirira injini zina, sampu ina yoti isagunde chitsulo chopingasa cha pansi, mapaipi ena a ekizozi, kompyuta yake ndi mawaya ake. Imafunanso pampu yamagetsi yokankha petulo pafupifupi 58 psi, pamene kabureta imakhutira ndi 6 psi, ndiye kuti thanki ndi mapaipi a mafuta nazonso n'zosintha. Mukamaliza zonsezo giyabokosi ikudikira, difu ikudikira, mabuleki akudikira. Kuika 430 hp pa difu yaing'ono ya mabawuti 10 ndi mabuleki a dilamu kuli ngati kukhoma malata atsopano pa mitanda yofumbwa. Palinso china chimene sichilowa m'masamu. Ndikatsegula boneti ndimafuna kuona chimene munthu wa mu 1970 akanachizindikira: kabureta pakati, distributor (chogawa moto ku mapulagi) kumbuyo, malo okwanira kulowetsa mkono ndi sipanala. Amene aika LS3 sindikuwanyoza, magalimoto awo amathamanga kuposa yanga. Koma apanga galimoto ina, ndipo ine ndinkafuna yomweyi.

454 sindinaiganizire nthawi yaitali. Imalemera pafupifupi makilogalamu 50 kuposa injini yaing'ono, zomwe zikanafuna masipuling'i ena kutsogolo ndi rediyeta yaikulu, ndipo petulo imamwa mosaona nkhope. 383, imene ili buloko ya 350 yokhala ndi crankshaft yoyendetsa mapistoni mtunda wotalikirapo, inandikopa kwambiri chifukwa cha kukoka kwake, koma inali yodulirapo ndipo giyabokosi yanga ya TH350 ikanafunika kuimanganso nthawi yomweyo.

350 HO ndi ya banja lomwelo la injini zimene Chevrolet inayamba kupanga mu 1955, ndipo 350 yoyamba inatuluka mu Camaro ya 1967. Iyi ndi ya malita 5.7, buloko yachitsulo yatsopano yokhala ndi mabawuti anayi pogwira crankshaft, ndi mahedi a Vortec, amene anayambira m'mathiraki a 1996 ndipo amapuma bwino kuposa mahedi akale a fakitale. Mphamvu zake ndi pafupifupi 330 hp, kukoka kwake pafupifupi 380 lb-ft. Imagulitsidwa yosakwanira, yokwanirako, ndi yokwanira zonse. Ine ndinatenga yosakwanira, yopanda kabureta ndi distributor, kuti zotsalazo ndisankhe ndekha.

Zogwirira injini zakale zinakwana. Giyabokosi inalumikizika popanda kuboola paliponse. Mamanifodi akale a ekizozi anamangika pa mahedi atsopano, alutaneta ndi pampu ya chiwongolero zinabwerera m'malo mwake, pampu ya petulo ndi yomwe ija yoyendetsedwa ndi injini. Apa m'pamene ndinaona kuti ndasankha bwino, chifukwa galimoto sitinaidule pena paliponse.

Koma wina asakunamizeni kuti n'kungotsitsa yakale n'kukweza yatsopano. Wa kusitolo imene ndinaitanitsako ndi zomwe anandiuza pafoni, kuti zonse za pa 307 zikwana, ndipo mawu amenewo anatiimitsira ntchito injini ili kale m'galaja. Mu 1986 Chevrolet inasintha kumbuyo kwa crankshaft n'kuikapo chotsekera oyilo chozungulira chathunthu m'malo mwa chakale cha zidutswa ziwiri. Kusinthako n'kwabwino chifukwa kudontha kwa oyilo kumbuyo kunachepa, koma flexplate ya 1970, chimbale cha mano cholumikiza injini ndi giyabokosi chimene sitata imazungulitsa, silowa pamenepo. Mabowo ake ndi osiyana, ndipo yoyenera imakhala ndi kachitsulo kolemetsa mbali imodzi kuti injini isanjenjemere. Poitanitsa muwerengenso mano, chifukwa zilipo za mano 153 ndi za 168, ndipo sitata yanu iyenera kugwirizana nayo. Manifodi ya pamwamba, imene kabureta imakhalapo, nayonso siyikwana: mahedi a Vortec amamangidwa ndi mabawuti 8 oimirira, pamene akale anali 12 opendekeka. Zovundikira mavalavu zimamangidwa pakati, osati m'mbali. Choyezera oyilo chinasamukira mbali ya pasenjala. Zonsezi n'zodziwika kwa aliyense wogulitsa injini zimenezi, ndipo munthu uja akanangonditchulira ndikanaitanitsa zonse tsiku limodzi. Injini ndikuipatsa nyenyezi 5, sitoloyo 2.

Kanthu kena kakang'ono kamene amakaniko anga anandiunikira ntchito isanayambe: ngati mukuika distributor ya HEI, yamagetsi yopanda mapointi, waya wakale wopita ku koyilo musaugwiritse ntchito. Wayayo anaupanga woti uzichepetsa moto pofuna kuteteza mapointi, pamene HEI imafuna mavoti 12 athunthu. Tinakoka waya watsopano, ndipo pamwamba tinaika kabureta ya mabowo anayi ya 600 cfm (muyeso wa mpweya umene imadutsitsa) yokhala ndi choki yamagetsi.

Chofunika kwambiri pa injini iyi ndi tsiku loiliza koyamba, ndipo ndikupemphani muwerenge mosamala. Camshaft yake, chitsulo chimene chimatsegula mavalavu pokankha malifita, ndi ya mtundu wakale, imene malifita ake ndi osalala kunsi ndipo amakhuzana nayo chitsulo kwa chitsulo, mosiyana ndi injini zamakono zimene malifita ake ali ndi timateyala. Zitsulo ziwirizi zimayenera kuzolowerana m'mphindi zoyambirira, ndipo zikalephera pamenepo camshaft imadyeka, tizidutswa take n'kumwazikira injini yonse. Amakaniko anga anathira oyilo wokhala ndi zinc wambiri, popeza oyilo wa magalimoto a masiku ano zinc anamuchepetsa. Anayamba azungulitsa pampu ya oyilo ndi chida mpaka oyilo atafika pamwamba mbali zonse ziwiri. Anadzaza kabureta ndi petulo n'kutchera taimingi kuti ilire nthawi yomweyo. Italira sanailole kutsika moto ngakhale pang'ono. Anaisunga pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm kwa theka la ola, akukweza ndi kutsitsa pang'onopang'ono, diso lili pa kutentha kwa madzi, ine ndili ndi tochi kuyang'ana podontha. Kenaka tinakhetsa oyilo uja n'kusintha fyuluta. Mpaka lero ndimathira oyilo wa zinc basi. Ngati mulibe munthu wodziwa ntchito imeneyi, kapena simukufuna kumasankha oyilo moyo wanu wonse, onjezerani ndalama mugule injini ya malifita a timateyala. Zilipo m'banja lomweli.

Pamsewu, kusiyana ndi 307 kumayambira pansi penipeni. Simufunika kuikuwitsa. Mukangoponda moto pang'ono pochoka pa maloboti galimoto imanyamuka mopepuka, ndipo polowa mumsewu waukulu wa US 31 sindichitanso kudikira mpata wautali ngati kale. Mabowo awiri achiwiri a kabureta akatseguka kulira kumasintha, kumakhala kwakuya, ndipo imakoka mosalekeza mpaka cha m'ma 5,000 rpm. Kupitirira apo palibe chimene mupeze, injiniyi sanaipangire zimenezo. Ikaima pamalo imalira mokhazikika, ndi kugunda pang'ono kongokudziwitsani kuti camshaft si ya thiraki, koma osafika pogwedeza galimoto kapena kuzima mukaika giya. Taimingi tinaisiya pa madigiri 32 yonse pamodzi, ndipo ndi petulo wa premium sindinamvepo kulira kwa mapistoni ngakhale pokwera chitunda kukutentha. Pansi pa galimoto m'galaja ndi pouma, chinthu chimene ndi 307 sindinachionepo.

Pa kuzizira muyenera kuipirira. Mahedi a Vortec alibe kanjira kamene m'mahedi akale kankadutsitsa utsi wotentha pansi pa kabureta, choncho m'mawa wozizira wa ku Indiana imafuna kuti muisiye itenthe kaye, apo ayi imatsamwa mukaponda moto. Ine sizindivuta kwenikweni chifukwa akangoyamba kuthira mchere wosungunula chipale m'misewu galimotoyi ndimaitsekera, koma wofuna kuyendera chaka chonse aziganizire. Petulo imamwa ndithu, makamaka paulendo wautali, ndipo apo mlandu waukulu ndi wa TH350 imene ili ndi magiya atatu okha, moti pa liwiro la mumsewu waukulu injini imazungulira kwambiri. Giyabokosi ya 700R4, ya magiya anayi, ndiyo ndikusungira ndalama tsopano. Mapaipi onse a labala a petulo tinawasinthiratu, chifukwa petulo wambiri kuno ali ndi ethanol 10 peresenti amene amadya labala wakale.

Mabuleki musawasiyire mtsogolo. Malibu yanga inali ndi madilamu mateyala onse anayi, ndipo tinaika madisiki kutsogolo injini isanalowe n'komwe. Mayi a kunyumba ndi ana amakwera galimoto imeneyi, ndiye pamenepa panalibe zokambirana. Rediyeta yakale tinaisinthanso ndi yokhuthala. Powerengetsa ndalama, musaone mtengo wa injini wokha. Manifodi, kabureta, distributor, flexplate, rediyeta, mabuleki ndi malipiro a amakaniko zikaphatikizana zimapanga mulu wake waukulu, ngakhale kuti mulu wa LS3 ukanaposa pamenepo kutali.

Ndingailimbikitse kwa munthu amene ali ndi Chevelle, Nova, Camaro kapena Impala imene si ya mtundu wosowa, amene akufuna kuyenda nayo Loweruka ndi Lamulungu, kuikonza yekha ndi zida wamba, ndi kupeza zipangizo m'sitolo iliyonse ya za magalimoto. Wofuna mpikisano wa liwiro ayang'ane 383 kapena LS3. Ndipo injini yanu yakale musaigulitse kwa a zitsulo. 307 yanga ndinaithira oyilo m'masilinda, ndinaikulunga m'pulasitiki pamodzi ndi kabureta ndi manifodi yake, ili pakona m'galaja, chifukwa nambala ya galimotoyi ili pa buloko imeneyo ndipo amene adzaigule pambuyo panga akhoza kudzaifuna.