Ma membrane a NF270 patatha chaka akusefa madzi a utoto wa nsalu

Mwezi woyamba membrane iliyonse (sefa yopyapyala ya timabowo tosaoneka ndi maso, imene madzi amakankhidwamo ndi pampu) imasangalatsa: madzi amalowa ali bii, n'kutuluka ali mbee. Chaka chikatha m'pamene khalidwe lake lenileni limaoneka.

Pa nkhani yochotsa mtundu, membrane yotchedwa NF270 siikhumudwitsa. Utoto wa reactive, wonyikira nsalu za thonje, umatsekeredwabe bwino lomwe. Chimene chimatsika ndi kuchuluka kwa madzi otuluka, ndipo kawirikawiri vuto limakhala zimene zimafika pa membrane.

Choyamba muone mchere umene mumanyikira. Sodium chloride (mchere wamba) wambiri amadutsa pa membrane, madzi amcherewo n'kubwerera ku makina onyikira, ndalama n'kupulumuka. Koma sodium sulphate, mchere wina wonyikira, sadutsa. Amatsalira limodzi ndi utoto, pampu imalemedwa, magetsi amapita ambiri. Zotsalirazo n'zakuda zedi ndipo zimafuna kopita. Ku Tirupur, ku India, khothi linatseketsa mafakitale onyika nsalu mu 2011 chifukwa choipitsa mtsinje wa Noyyal, ndipo kumeneko zotsalira zotere amaziumitsa mpaka patsale mchere.

Zopha membrane msanga ndi kutentha, klolini ndi polima. Madzi asapitirire madigiri 45, pomwe ochokera konyikira amakhala pa 60 kapena kuposa. Klolini asafike 0.1 ppm (mamiligiramu 0.1 pa lita imodzi ya madzi), akapitirira amadya khungu lopyapyala la pamwamba pa membrane. Chizindikiro chake n'chonyenga: madzi otuluka amachuluka, woyendetsa makina n'kumakondwa, kenaka mtundu umayamba kudutsa. Apo palibenso kutsuka, n'kugula ina basi. Polima wa cationic, wothira kuti zinyalala zidikhe, akachulukitsidwa amamatirira pa membrane ngati ulimbo, ndipo sachoka bwinobwino.

Kutsuka musatsate kalendala. Madzi otuluka akatsika ndi 10 peresenti, tsukani sabata yomweyo. Yambani ndi caustic soda pa pH (muyeso wa mphamvu ya asidi kapena soda m'madzi) pafupifupi 11, m'madzi ofunda osapitirira madigiri 35, tsukuluzani, kenaka citric acid wa 2 peresenti. Mukayamba ndi asidi, utoto ndi mafuta zimangolimbirapo.

Sefa ya timabowo ta 5 micron, imene madzi amayamba kudutsamo asanafike pa membrane, ndi yotchipa koma imanena zambiri. Mukaitulutsa ili yoterera ngati therere, tizilombo tayamba kuswana m'mapaipi. Makina akaima kupitirira masiku awiri, dzazani membrane ndi madzi a sodium metabisulphite wa 1 peresenti, ndipo isaume ngakhale pang'ono.