Kashopu kokonza makompyuta ku Area 2: anandikonzera vuto la ma DLL osafomata

Anthu a mu Lilongwe muno, kompyuta ikayamba kutulutsa kauthenga koti "VCRUNTIME140.dll was not found" kapena "MSVCP140.dll is missing" chonde musamathamangire kufomata. Zimandipweteka kuona anthu akutaya zithunzi za ukwati, ma assignment a ana, ma CV, chifukwa cha vuto loti munthu wodziwa amalithetsa mukuona. Nde ndikufuna ndikuuzeni za achimwene ena ake okonza makompyuta ku Area 2, kufupi ndi msewu wa Malangalanga, kashopu kakang'ono kamene kali pakati pa ogulitsa ma chaja ndi okonza mafoni.

Ine ndili ndi kabizinesi kotaipa ndi kupulinta ku Area 25, makadi a chinkhoswe, a ukwati, mapulogalamu a maliro, zonse zimadalira laputopu imodzi ya Windows 10. Pulogalamu yopangira makadi itakana kutseguka nkutulutsa kauthenga kangati komweko koti fayilo ina ikusowa, ndinapita kaye kwa mnyamata wina wakwathu konko, iye anangosaka dzina la fayiloyo pa intaneti, nkuidawuniloda pa webusayiti ina yake yosadziwika, nkuiponya mu foda ya Windows yotchedwa System32. Uthenga unasinthadi koma kunabwera wina woipirapo, "The application was unable to start correctly (0xc000007b)". Atatero akuti mayi apa palibenso njira, tifomate basi. Kufomata ndi ma oda a anthu ali momwemo? Ndinakana.

Chimene chinandigwira mtima ku Area 2 nchakuti achimwene aja asanakhudze chilichonse anayamba ndi mafunso. Vutoli layamba liti, mwayika pulogalamu yanji posachedwapa, batire imasunga moto, pali wina wayigwirapo kale? Kenako anakopera mafayilo anga onse pa hard disk yawo yakunja ine ndikuona, akuti mayi chuma chanu chili umu, laputopuyi nchitsulo chabe. Anandifotokozera kuti DLL ndi kafayilo kamene mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito mobwerekana, ngati mpopi umodzi wa pa puloti womwe alendi onse amatungapo, ukaphwa nyumba zonse zimalira nthawi imodzi. Nde MSVCP140.dll ndi VCRUNTIME140.dll zimabwera ndi phukusi la Microsoft lotchedwa Visual C++ Redistributable 2015-2022, laulere, ndipo mankhwala ake nkuyika phukusi lonselo kuchokera kwa Microsoft weniweni osati kutola fayilo imodzi pamsewu. Ikasowa MSVCR120.dll ndi la 2013, ikasowa MSVCR100.dll ndi la 2010, nambala ija imakuuza lomwe ukufuna.

Pa 0xc000007b paja anandionetsa pa sikirini penipeni pamene panalakwika. Pa Windows ya 64-bit, foda ya System32 imasunga mafayilo a 64-bit, a 32-bit amakhala mu SysWOW64, zimaoneka ngati zotembenuka koma ndi mmene zilili. Mnyamata woyamba uja anaika fayilo ya 32-bit mu System32, pulogalamu ya 64-bit ikaitola imagwa pompo. Achimwene a ku Area 2 aja anaichotsa, nkuyika phukusi lija la x86 (la 32-bit) ndi la x64 (la 64-bit) onse awiri chifukwa pa kompyuta imodzi pamakhala mapulogalamu a mitundu yonse iwiri. Anandichenjezanso kuti mawebusayiti opereka DLL imodziimodzi aja sungadziwe amene anaika fayiloyo, ena amalowetsamo vayirasi, ndipo ine amene ndimalandira mafulashi a makasitomala tsiku lililonse ndili kale pa chiopsezo, sindikufunika zina zowonjezera.

Pulogalamu inatseguka, ine ndasangalala kale ndikufuna kulipira ndizipita, koma iwo akuti dikirani mayi, tidziwe kaye kuti fayiloyi inaonongeka bwanji apo ayi mubweranso mwezi wamawa ndi vuto lomweli. Apa mpamene ndinaona kusiyana kwawo ndi ena. Anayang'ana mu antivayirasi ngati inatsekera fayilo ina molakwika, munalibe. Anatsegula Command Prompt, kawindo kolembamo malamulo a kompyuta, ngati administrator nkulemba sfc /scannow, lamulo lofufuza ndi kukonza mafayilo a Windows, inayenda pang'onopang'ono mpaka 100% nkunena kuti yapeza mafayilo oonongeka koma ena yalephera kukonza. Ndiye analemba DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, imeneyi imakatenga mafayilo abwino kudzera pa Windows Update choncho imafuna intaneti, analumikiza pa wifi yawo osandiuza kuti ndigule bandulo. Itamaliza anabwereza sfc ija, ulendo uno zonse zinakonzeka.

Pomaliza anatsegula kapulogalamu kotchedwa CrystalDiskInfo, pamwamba panatuluka chikasu, palembedwa Caution. Akuti hard disk yanu yayamba kutopa, malo ena sakuwerengeka bwino. Komanso batire yanga inafa kalekale, magetsi akangothima laputopu imazima pompo ngakhale ili mkati mosunga fayilo kapena mkati mwa update, ndipo kuzima kotereku nkomwe kumasiya mafayilo oduka. Mukudziwa mmene magetsi amachitira kuno. Sanandikakamize kugula chilichonse kwa iwo, anangoti pezani batire kaye, kenako SSD, chosungira mafayilo chamakono cholowa mmalo mwa hard disk, mukapeza ndalama, ndipo mafayilo ofunika muzisunga malo awiri kuyambira lero.

Ndili pompo kunabwera kamnyamata ka sukulu ndi laputopu, gemu ya mpira ikukana, ikuti d3dx9_43.dll palibe. Achimwene aja sanachedwe nazo, akuti iyi ndi ya DirectX yakale, phukusi la Microsoft lomwe magemu amadalira, nkuyika DirectX End-User Runtime ya June 2010, gemu nkuyamba. Anakauzanso mosabisa kuti magemu okuba aja antivayirasi imachotsa mafayilo ake kawirikawiri ndipo iwo sazimitsa antivayirasi ya munthu chifukwa cha gemu. Ndinakonda zimenezo, amalankhula ndi mwana mofanana ndi mmene amalankhulira ndi ine, mwaulemu koma mosanyengerera.

Anandikumbutsanso kuti Microsoft inasiya kupereka ma update aulele a chitetezo a masiku onse ku Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo ka mkati mwa kompyuta, yomwe malaputopu ambiri akale ngati yangayi alibe. Nkhaniyi ikutikhudza ambiri amene timagula malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito, ndibwino kufunsa musanagule.

Zofooka zilipo, ndisaname. Malo ndi opanikiza kwambiri, kabenchi kamodzi, ukakhala maondo akugunda tebulo, kunja phokoso la ma minibasi ndi oitanira. Amagwira okha, nde mukapeza anthu atatu patsogolo panu dziwani kuti theka la tsiku lapita, ndipo foni sayankha akakhala pa ntchito. Risiti amalemba pokhapokha ukapempha, izi ndinawauza kuti achimwene sinthani, ife a bizinesi timafuna pepala. Koma mtengo anandiuza asanayambe ndipo sunasinthe pamapeto, unali wochepa kuposa umene ndinauzidwa wa kufomata, ndinalipira pa Mpamba, Airtel Money amalandiranso.

Mukamapita pitani mmawa ntchito isanachuluke, tengani chaja chanu, ndipo uthenga uja ukatuluka ujambuleni pa foni dzina la fayilo lioneke bwinobwino, chifukwa MSVCP140 ndi MSVCR120 ndi zinthu zosiyana ndipo funso lawo loyamba likhala limenelo. Ngati wina anayigwirapo kale laputopuyo auzeni zimene anachita, zimawafupikitsira ntchito.