Mapichesi: ethephon kapena AVG?

Mapichesi ofika mumsika wa Limbe amachokera madera ozizira monga Ntcheu ndi Dedza, ndipo ambiri amafika atatudzuka. Alimi ena tsopano akufunsa za mankhwala owongolera kapsedwe. Mankhwalawa alipo awiri otsutsana: ethephon ndi AVG (chidule cha aminoethoxyvinylglycine).

Chipatso chikamapsa chimatulutsa mpweya wa ethylene, umene umafulumizitsa kupsako. Ethephon amawonjezera mpweyawu. AVG amauletsa kupangika.

Ethephon: zipatso zimapsa msanga, pafupifupi nthawi imodzi.
AVG: zimachedwa masiku angapo, koma zimakhala zolimba.
Mtengo: ethephon ndi wotsika, AVG ndi wokwera, komanso sapezeka chisawawa.

Ine chimandidetsa nkhawa ndi ethephon. Mukapyoza muyezo, makamaka kukutentha ngati mu Okutobala, mtengo umayoyola masamba ndi kutuluka utomoni m'nthambi. Pichesi lake limafewanso mwachangu, osapirira kugwedezeka m'galimoto. Mungapindule sabata imodzi n'kuvulaza mtengo umene mwausamala zaka zambiri.

Ethephon angathandize wogulitsa pafupi, amene akuthamangira msika usanadzaze. AVG ayenera wa munda waukulu wotumiza kumasitolo a m'tauni. Wa mitengo isanu kuseri kwa nyumba, apatulire zipatso zikadali zazing'ono, athyole m'mawa, aike m'makireti osati m'matumba.